Zikwatu za Amake Amosi

Ku Chikweo mukatchula dzina la a Matilida, amake Amosi, anthu amene anawaona ndi maso amayamba aseka kaye. Amaseka pokumbukira pakamwa pawo, poti mayi aja lilime lawo linali tsabola wa kambuzi, kuchepa koma kuwawa. Akaseka choncho wina amadzapukusa mutu, n'kunena kuti munthu ngati uja sanamuonenso. Ndiye poti ambiri mwa inu munabadwa iwo atagona kale, khalani pansi mumve.

Makolo awo anali Alomwe ochokera kutsidya, m'dziko la Apwitikizi, amene anabwera kuno ana ali kumsana, mbewu za nandolo zili m'zikho. A Matilida anabadwira kuno, anabatizidwa kuno, n'kukwatiwa ndi mwamuna wofatsa amene anapita ku Halale kukafuna ntchito. Bamboyo anatumiza bulangete limodzi ndi makalata awiri, kenako zii, anatchona. Mwana anali mmodzi yekha, Amosi, ndipo naye atamera ndevu anakakwatira ku Nselema. Mwana wamwamuna kuno ndi wa eni ake, amakamanga kwa mkazi. Choncho mayiwo anatsala okha m'kanyumba ka kumapeto kwa mudzi, kuseri kwake kuli munda wokhala ndi chulu chachikulu pakati.

Koma musafulumire kuwamvera chisoni, akanakutukwanani. Munda umenewo unali wa mwanaalirenji. Chimanga, nandolo, khobwe, chinangwa m'mphepete, kalongonda akukwera mumtengo wa mango, maungu atayala pachulu ponse. Mvula ikamatha ankafutsa ndiwo monga mayi wina aliyense. Ankathyola masamba, kuwawiritsa pang'ono, kuyanika pamphasa, akauma n'kuwakulunga m'masamba a msuku, kumanga ndi luzi, chikwatu chija n'kupachika kudenga kumene kumafika utsi. Zikwatu zisanu kapena zisanu n'chimodzi zinkawafikitsa ku mvula ina.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'chilimwe cha 1947 nthomba inalowa m'mudzimo, inatenga anthu asanu. A Matilida inawagoneka milungu inayi, n'kuwasiyira moyo, koma maso inapita nawo. Anadzuka nkhope ili zipserazipsera, dzuwa akulimva pakhungu pokha. Anali asanakwane n'komwe zaka makumi asanu. Amosi anabwera, anawalimira, anawabzalira, analira, n'kubwerera kwa mkazi wake poti nako kunali munda womudikira.

Chimanga chitayamba kumasula kunabwera a Yotamu, mlongo wawo wamkulu, mwinimbumba. A Yotamu sanali munthu woipa iyayi. Anali mlimi wa thonje, wa njinga yake, wokonda kuzungulira nkhani ngati galu wofuna pogona. Anakhala pakhonde, anafunsa za thupi, za mvula, za nkhuku, kenako anakonza pakhosi.

"Achemwali, ife takambirana."

"Mwakambirana ndi yani, poti mwini wake ine ndinali pompano?"

"Ndi mng'ono wanu Bernadeta. Tati musamukire kwa iye. Akumangirani kachipinda pambali. Mundawu tiupereke kwa mkamwini wake, Eliyamu, poti ali ndi ana atatu koma alibe polima. Inu muzingokhala, kudya, n'kumaothera dzuwa."

"Kuothera dzuwa ndine buluzi, achimwene?"

Anayankha choncho, koma kunali kulimba pakamwa chabe. Anachita mantha, mantha enieni. Mayi wopanda moto wake ndi mwana, ngakhale akhale wa imvi. Amadikira kuitanidwa kuti adye, amadya chimene apatsidwa, mlendo akamupeza alibe ngakhale chinangwa chomuotchera. Ndipo munda ukalowa m'manja mwa wina, wina n'kuthiramo thukuta lake, subwerera. A Matilida ankadziwa kuti akangotuluka pakhomo paja sadzabwererapo.

"Ndisiyeni mpaka nkhwani watsopano," anatero. "Mukadzandiona nditaima pakhomo pa munthu, mbale ili m'manja, kupempha ufa kapena ndiwo, nkhwani wa chaka chamawa tisanadye, ndidzazimitsa moto wanga ndekha, ndidzabwera ndekha. Munda mudzatenge. Koma ndikadzafika, nkhani iyi isadzamvekenso."

A Yotamu anavomera mosavuta. Mumtima ankati ikamafika nyengo yozizira mayiyu adzakhala atagonja yekha, popanda womukankha.

Ukaipa dziwa nyimbo. M'mawa mwake a Matilida anapota luzi lalitali, analimanga pamzati wa khonde, n'kuyenda nalo chopapasa mpaka pachulu. Lina linachoka pachulu kupita ku chinangwa, lina kumtengo wa mango, lina kunjira ya kuchitsime. Anthu odutsa ankaima n'kumaonerera mayi akukwawa m'mizere, lichero akulikoka pambuyo. Zala zawo zinaphunzira munda wonse mwatsopano. Nkhwani ankamudziwa ndi ubweya wake, ndipo tsamba lokhwima ankalisiya, poti limakanda chikhatho. Chitambe ankachidziwa ndi kusalala, khwanya ndi kukhakhala, chisoso ndi fungo. Chinangwa akazula ankaluma kansonga, chokoma n'kuponya kudzanja lamanja, chowawa kumanzere kuti chikaviikidwe m'madzi chisanayanikidwe.

Adani awo oyamba anali nkhuku. Nkhuku ndi zolengedwa zopanda chisoni, zinazindikira m'masiku awiri kuti mwini mphasa saona. Zinkabwera mwakachetechete ngati zikulowa m'tchalitchi, n'kumapalasa mfutso wonse pansi. A Matilida anamwaza makoko ouma a chimanga kuzungulira mphasa, anatenga nsungwi yaitali, n'kukhala pansi. Nkhuku ikangoponda makoko aja, tswa, nsungwi yatera. Tambala wa a Bernadeta anayenda motsimphina mpaka tsiku limene analowa mumphika, ndipo a Bernadeta atadandaula anauzidwa kuti tambala wawo akufunika kumulangiza.

Masamba a msuku anali kuphiri, ndipo kumeneko luzi silikanafika. Ankapita ndi mnzawo woyandikana naye, Abiti Saida, mayi wachiyao, wachisilamu, wosalankhulalankhula. Abiti Saida ankagwira ndodo kutsogolo, a Matilida kumbuyo, aliyense pobwerera atasenza mtolo wake. Akafika a Matilida ankawathirira nandolo m'kansengwa. Abiti Saida ankakana, koma iwo ankaumirira, kuti pasadzapezeke wa pakamwa ponyowa wonena kuti apempha.

Zikwatu zinayi zoyamba zinawapweteka mtima. Anazimanga bwinobwino, anazipachika, koma patatha milungu itatu mphuno inawauza kuti m'nyumba muli china. Anatsitsa chimodzi, anamasula, analowetsa dzanja. Munali mofewa, monyowa, mwachita chuku. Zonse zinayi chimodzimodzi. Kale ankangoyang'ana mtundu wa masamba n'kudziwa kuti auma, tsopano anali atafulumira, n'kukulunga m'mawa chinyezi chisanachoke. Anakhala pansi pakati pa zoola zija n'kulira, kulira kwenikweni kwa mamina, kumene sanalire ngakhale tsiku limene anadzuka osaona. Atatha anapita nazo kuseri kwa chulu, anakumba, anakwirira.

Kuyambira pamenepo mfutso ankauyesa ndi khutu. Ankatapa pang'ono, kufikisa pafupi ndi khutu, ndipo ukapanda kulira ngati mchenga ankaubwezera padzuwa. Ankaugunditsanso pamlomo kuti amve ngati mukadali kuzizira. Kukulunga ankakulunga masana okhaokha, dzuwa lili paliwombo. Mvula ya mawawa ikamabwera ankaimva fungo anthu a maso asanaone mtambo, moti amayi a m'mudzimo anayamba kuyang'ana kwa amake Amosi, akaona kuti akupinda mphasa nawonso n'kuthamangira zawo.

Tsono apa ndi pamene panachitika chimene anthu anachitcha misala. Mayi wa maso akafutsa, amakweza mutu, kuyang'ana kudenga, n'kunena kuti basi zakwana. Amasiya, amapita kukatola thonje, kumowa, kuchinamwali. A Matilida analibe chowauza kuti zakwana. Kuwerenga ankawerenga ndithu, ndi zala, koma mantha sadziwa kuwerenga. Akafika pa khumi, mtima unkati bwanji zina zikaolanso. Akafika pa makumi awiri, mtima unkati bwanji mvula ikachedwa. Za m'munda mwawo zitatha anayamba kukunkha m'minda ya anzawo imene eni ake anali atakolola kale, poti kukunkha si kupempha, ndi mwambo. Masamba a khobwe amene ena ankasiyira mbuzi iwo ankawathyola. Maungu ankawalenga tizidutswa n'kuyanika. Nthanga zake osataya. Makaka, chinangwa chouma chija, anadzaza nsanja ya pamwamba pa moto, kalongonda ndi nandolo m'mitsuko yothira phulusa, yomata pakamwa ndi dothi.

Pofika mwezi wa Ogasiti kudenga kunali zikwatu makumi anayi ndi zitatu. Munthu ukalowa m'nyumbamo unkayenda chowerama, ndipo maso akazolowera mdima unkangoti kukamwa yasa. Zinali lendelende kuchokera kukhomo mpaka kuchipupa cha kuseri, zakuda ndi utsi, zazikulu ngati mitu ya anthu. A Yotamu anagunda mutu katatu tsiku limodzi. A Bernadeta anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Achemwali, kodi mwamva kuti kukubwera asilikali a ku Zomba kudzadya kuno?"

"Seka, uli ndi mano," anayankha a Matilida.

M'mawa uliwonse asanasukusule ankayenda pansi pa zikwatu zija, kugwira chimodzichimodzi, kuchigwedeza pakhutu, kununkhiza. Mitsuko ankaigogoda n'kumvetsera ngati anankafumbwe alowamo. Moto sunkazima m'nyumbamo, usana ndi usiku, kuti utsi usaleke kukwera.

Mvula inagwa mu Novembala, anthu anabzala, mbewu zinamera bwino. Chakumapeto kwa Disembala kumwamba kunatseka. Januwale yense dzuwa linang'amba ngati m'chilimwe, chimanga chinapota masamba chili m'maondo, n'kuuma chilili. Maungu anapsa asanayale n'komwe. Imeneyo ndiyo njala ya '49 imene mumamva akuluakulu akuitchula motsitsa mawu. Koma njala siyamba tsiku limene mvula yaleka, m'nkhokwe munali mukadali chimanga chakale, ndipo anthu ankasekabe. A Yotamu anadutsa tsiku lina pa njinga yawo, n'kuima.

"Chaka chino nkhwani wachedwatu, achemwali. Pangano lija likadalipo."

Ananena moseka, komanso sankaseka kwenikweni, poti Eliyamu anali akufunsabe za munda uja.

"Ndani wanena kuti latha?" anatero a Matilida.

Nkhwani wa chaka chimenecho sanadyedwe. Pangano la miyezi khumi linasanduka la zaka ziwiri, ndipo mayiwo sanadandaule kwa munthu. Anachepetsa dzanja potapa, anayamba kudya kamodzi pa tsiku, n'kuwerenganso zonse modekha. Anapeza kuti akakhala okha, akadya mosamala, afika ndithu pa mvula inayo, n'kutsalako pang'ono.

Nkhokwe za m'mudzimo zinayamba kugwa m'nyengo yozizira. Pofika Seputembala anthu anali akudya gaga, mizu, mango aang'ono owiritsa. Amuna anapita kutsidya kukasuma, ena anabwera ndi kamtolo ka makaka, ena sanabwere mpaka lero. A Yotamu anapita ndi njinga, anabwera wapansi, njinga itasanduka lichero limodzi la mapira. A Matilida zonsezi sanazione, anazimva. Poyamba inaleka kulira mitondo. Kenako nkhuku, kenako agalu. Kwa a Bernadeta kunali adzukulu atatu, ndipo ankalira kuyambira m'mawa, kulira kotopetsa kuja. Tsiku lina a Matilida anatchera khutu, anamva kuti anawo alipo pakhonde, koma sakuliranso.

A Bernadeta sanabwere kudzapempha. Akanayamba bwanji, munthu amene unamuseka, amene unkadikira munda wake? Manyazi anawamanga miyendo. Ndipo a Matilida nawo musaganize kuti anathamanga ngati mngelo. Anakhala pakhomo tsiku lathunthu osagwira kanthu, akulimbana ndi mtima wawo. Ankadziwa bwino lomwe kuti chakudya cha munthu mmodzi, chikagawidwa pakamwa khumi, sichifika patali. Ankadziwa kuti dzanja lililonse limene adzatapire mwana wa wina lidzawasendeza kufupi ndi khomo la Bernadeta, mbale ili m'manja. Anakwiya. Anakwiyira mng'ono wawo, anakwiyira a Yotamu, anakwiyira ngakhale ana aja chifukwa chokhala chete.

Dzuwa litapendeka anaimirira n'kuitana.

"Bernadeta. Iwe Bernadeta. Tabwera udzanditsitsire chikwatu, msana wanga wagwira. Ubwere ndi ana ako aja, ndikufuna ondisinjira makaka."

Msana unali bwinobwino. A Bernadeta anadziwa, ndipo analowa m'nyumbamo ali wera, osati chifukwa cha zikwatu zokha.

Kuyambira tsiku limenelo mphika unali umodzi, pamoto wa a Matilida. Ankadya a Bernadeta, mwana wawo wamkazi ndi Eliyamu, adzukulu atatu, a Yotamu, ndi Abiti Saida amene amuna awo anali atapita osabwerera, pamodzi ndi mwana wawo. Mkazi wa a Yotamu anali atapita ndi ana kwa abale ake kunyanja ya Chiuta. Kutapa ankatapa a Matilida okha, palibe wina ankaloledwa kugwira chikwatu. Madzanja awiri a ufa wa makaka, dzanja limodzi la mfutso, nthanga zosinja pang'ono, madzi ambiri. Kalongonda ankamuwiritsa tsiku lonse, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso, poti ameneyo ukamufulumirira amazunguza mutu, ndipo pamimba ya njala akhoza kukupha. Ana akamalirira mphika usanapse, nsungwi ya nkhuku ija inkagwira ntchito.

Chimene chinkadabwitsa anthu n'chakuti mfutso wa chaka ndi theka unkatuluka wouma, wonunkhira, wopanda kachilombo ngakhale kamodzi. Ukauthira m'madzi otentha unkafutukuka, nyumba yonse n'kununkhira munda wa mu Malichi, kunja kuli fumbi lokhalokha. Abiti Saida ankati akamva fungo limenelo ankatchula dzina la Mulungu m'chinenero chawo, ndipo a Yotamu, munthu wa nkhani zambiri uja, ankadya maso ali pansi. M'midzi yozungulira munkamveka maliro. Pakhomo pamenepo sipanafe munthu.

Chinanso chinkawadabwitsa. Miyezi inkapita, koma akakweza maso kudenga zikwatu zinkaoneka zambiri ndithu. Ena anayamba kunong'ona kuti mayiyu ali ndi mankhwala. Mankhwala ake anali akuti, chikwatu chikatha, a Matilida ankadikira kuti onse apite, n'kulongamo udzu wouma, kumanganso, n'kupachika. Ankadziwa kuti anthu a maso amakhulupirira chimene aona. Akanaona denga likuyera, a Bernadeta akanayamba kubweza mbale kuti akhuta, ndipo anawo akanafooka.

Mvula yabwino inabwera mu Disembala. Anthu anabzala ndi timphamvu timene tinawatsalira, a Matilida anakwawanso ndi luzi lawo mpaka pachulu n'kukwirira nthanga zimene anabisa m'kachikho. Nthawi yomweyo kunamveka kuti boma likupereka chimanga, kutali, ulendo wa tsiku lathunthu. Eliyamu ndi mkazi wake anayamba kupita, n'kumabwera ndi kochepa, kongokwanira phala. A Matilida anauza onse kuti tsopano aziphika kwawo, iwo atopa ndi phokoso. Sananene kuti mitsuko yonse ikulira ngati ng'oma, kuti pansanja patsala fumbi, kuti pa zikwatu zonse zija chenicheni chatsala chimodzi, chaching'ono.

Chimenecho chinawasunga masiku asanu ndi anayi. Tsiku lililonse ankapita pachulu kukapapasa. Maungu anali atamera, timasamba tiwiri, titatu, tating'ono ngati khutu la mbewa. Kuthyola pamenepo kukanakhala kupha mbewu, ndiponso kudzinamiza. Panafunika milungu iwiri, mwina itatu. A Bernadeta anatumiza kambale ka phala, iwo anabweza, amvekere ndili nazo zanga. Ankadziwa kuti kambaleko kachotsedwa pakamwa pa ana, komanso, tinene zoona, kunyada kunalipo.

Anakhala masiku atatu akumwa madzi otentha othira mchere. M'mawa wa tsiku lachinayi anagwira luzi kuti apite pachulu, miyendo inakana, anagwa pakati pa mizere. Anagona pamenepo nthawi yaitali, nkhope ili m'dothi lonyowa, akumva fungo la mbewu zimene zikumera. Sankafuna kufa. Anaona kuti kufa ndi njala pofuna kusunga nyumba ndi uchitsiru, poti wakufa alibe nyumba. Koma kudya mwakuba, kulandira mbale kuseri n'kumanamizira kuti pangano lili chilili, zimenezo sakanatha. Mawu anali awo, anawanena okha.

Anakwawa kubwerera m'nyumba. Anatenga madzi n'kuthira pamoto umene sunazime zaka ziwiri, anamvetsera mpaka unasiya kulira. Mafuwa atazizira anawagubuduza limodzilimodzi mpaka panja, akupumira m'njira. Anapinda mphasa, anaikolekera paphewa, anatenga mbale yawo yadothi ndi ndodo. Kwa a Bernadeta kunalibe luzi lopitako, anangolondola mawu a ana.

Anthu anali pakhonde, akudikira phala. A Yotamu analipo, atatambalala, mapazi atatupa. Onse anatembenuka ataona mayi uja akubwera, akudzandira, wowonda ngati mpini. Anaima pabwalo, anatambasula mbale ndi manja awiri.

"Odi kuno," anatero momveka. "Ndabwera kudzapempha. Achimwene, ngati mulipo, onani bwino. Nkhwani sitinadye. Moto ndazimitsa. Eliyamu atenge munda."

A Bernadeta anathamanga, anawagwira, anawakhazika pansi.

"Achemwali, kupempha bwanji, zikwatu zili mbwee kudenga?"

"Kaphike zimenezo, ukadye," anatero a Matilida.

A Yotamu anadzuka movutika, anatenga ndodo, n'kulunjika kunyumba ya kumapeto kuja. Anapeza mafuwa ali panja, m'kati muli phulusa lonyowa. Anakweza dzanja n'kutsitsa chikwatu chimodzi, chinali chopepuka. Anachibowola ndi chala, munatuluka udzu. Chachiwiri udzu. Chachitatu udzu. Anayenda nyumba yonse akubowola, mpaka udzu unawadzaza m'mutu ndi m'mapewa, ndipo atafika pa chomaliza anakhala pansi. Anachita mantha ndi mlongo wawo, mantha aja amene munthu amachita akaima pansi pa phiri.

Atabwerera anapeza a Matilida akumwa phala pang'onopang'ono, a Bernadeta atawagwirira mbale uku akulira, misozi ikugwera m'phalamo. Eliyamu anali ataima patali, manja kumbuyo. A Yotamu anakonza pakhosi monga mwa chizolowezi chawo, koma ulendo uno sanazungulire.

"Achemwali, miyezi inayi ine ndakhala ndikubwera pakhomo panu ndi mbale. Ine, uyu, ana awa, tonse. Ngati wopempha ayenera kusamuka, tiyenera kusamuka ndife."

"Inu simunapemphe. Ndinakuitanani."

"Tinalibe mtima wopempha, n'chifukwa chake. Tinangodya." Anatembenuka. "Eliyamu, ukufunabe munda uja?"

Eliyamu anapukusa mutu osakweza maso. "Khasu langa silingalowe m'menemo, atsibweni. Ndingamadye bwanji za m'mundamo?"

"Mawu ndi mawu, achimwene," anatero a Matilida. "Musandichitire chisoni, ndimadana nacho."

"Chisoni ndikudzichitira ndekha. Mawuwo munapangana ndi ine, ndiye ine ndawamasula. Imirirani ndikuperekezeni kwanu."

Anakangana pang'ono ndithu, poti a Matilida sakanalola kugonja mosavuta ngakhale pa chinthu chimene mtima wawo unkachilirira. Koma phala litatha anaimirira. A Yotamu anagwira ndodo kutsogolo, iwo kumbuyo, mphasa ili paphewa pa mwinimbumba. Eliyamu anafuna kutsatira kuti akathandize, a Yotamu anamubweza ndi dzanja.

Atafika, bamboyo anawerama, ananyamula fuwa loyamba, analowa nalo akupuma ngati wakwera phiri. Lachiwiri analikoka. Lachitatu linali lalikulu, ndipo linawakanika. Anayesa kawiri, kachitatu anagwada pambali pake. A Matilida anamva kupuma kuja. Anasiya ndodo, anapapasa pansi mpaka anapeza mwalawo, anapezanso dzanja la mlongo wawo, mafupa okhaokha, n'kugwada pambali pawo.

"Inu kankhani uko, ine kuno," anatero. "Musaponde zala zanga."

Analikankha awiri, chokwawa, kupuma, kukankhanso, mpaka linadutsa pakhomo n'kufika pamalo pake. A Matilida analitembenuza pang'ono, anayesa mipata ndi chikhatho, anakhazikapo mphika wopanda kanthu kuti amve ngati ukugwedera. Sunagwedere.

"Chabwino," anatero. "Tsopano pitani kwa Bernadeta mukandipalire moto."